Mjigo Umene Sindinawakumbire Amayi

Ana anga, za ubwana wanga ku Phalula sindilemba pano. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa ine. Ndikufuna ndikusiyireni za ntchito, chifukwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinazithera pa mijigo, koma inu chimene munkaona n'chakuti bambo abwera ndi malaya a girisi basi. Makamaka ndikufuna mudziwe chifukwa chimene agogo anu anakhalira miyezi osandiyankhula, poti nkhani imeneyi mwakhala mukuimva mbali imodzi.

Balaka, chaka choyamba

Ndinalembedwa ntchito ku ofesi ya zamadzi ku Balaka ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Bwana wanga woyamba anali a Kumwenda, munthu wamtali wa kumpoto, wosakonda zocheza, amene kiyi wa sitolo ya zipangizo ankagona naye m'thumba. Tsiku loyamba anandipatsa masipanala awiri, chingwe, ndi njinga yakapalasa yopanda mabuleki akumbuyo. Anati, "A Chikopa, boma lakupatsani zimenezi. Zotsalazo muzipempha kwa Mulungu." Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke, ndipo pasanathe mwezi ndinazindikira kuti sizinali nthabwala.

Dera langa linali la kwa Nsamala. Ntchito yake inali yoti mjigo ukafa, ndipite ndikausolole. Timatulutsa ndodo zachitsulo imodziimodzi mpaka tifike pansi pomwe pali kalabala kamene kamakankha madzi kuti akwere. Kalabalako n'kakang'ono, kosadzaza n'chikhatho chomwe, koma kakatha, mudzi wonse umabwerera kukafukula mumchenga. Nthawi zambiri kusitolo kunalibe. Tinkadula matayala akale, nthawi zina chidendene cha nsapato, n'kusema ndi mpeni mpaka chikwane. Chinkagwira milungu itatu kapena inayi, kenako azimayi n'kutumanso uthenga. Sankandikalipira. Ankandiphikira mbatata, n'kundithokoza ngati ndawachitira chachikulu, pamene ine ndinkadziwa kuti ndangowamatira ndi malovu. A Kumwenda ankalemba makalata opempha zipangizo mwezi uliwonse, n'kusunga makope ake m'fayilo yomwe inafika potupa ngati pilo. Anali munthu wachilungamo. Sanagulitsepo paipi ndi imodzi yomwe, ndipo ndinaphunzira kwa iwo kuti wosowa zida akhoza kukhalabe waulemu.

Liwonde, chaka chachisanu ndi chimodzi

Chaka chimenecho anatiitanira ku maphunziro a sabata imodzi ku Liwonde. Ena mwa ophunzitsa anachokera ku Ulaya. Panali mayi wina wachikulire, wamtima wabwino ndithu, amene pa nthawi ya tiyi anakhala nafe pansi n'kumatifunsa za kumidzi. Titamuuza za kusema malabala, anagwira pakamwa, ndipo anati kwawo madzi amene amagujumulira chimbudzi ndi omwewo amene amamwa, oyera chimodzimodzi, ndipo iye sanaganizepo za zimenezo mpaka atafika kuno. Ankanena mwachisoni, osati modzitama. Koma ine mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ndinabwerera ku Balaka ndikuganiza za amayi anga, amene ankadzuka kukafukula madzi amatope mu khwawa louma, pamene kwina anthu akuthira madzi akumwa m'chimbudzi kangapo pa tsiku.

Kuchokera pamenepo ndinasanduka munthu wodandaula. Mayi anu akhoza kukuuzani. Chilichonse ndinkachiyerekeza ndi kunja. Mvula ikachedwa, mafuta akasowa, mwana akabwezedwa kuchipatala opanda mankhwala, mawu anga anali amodzi: tinabadwira kolakwika. Anzanga ambiri amene ndinakula nawo anali atapita ku Joni, ndipo akabwera pa Khirisimasi ndi majekete awo, ine ndinkadziona ngati chitsiru chimene chatsalira kulondera chitsime chouma. Ntchito ndinkagwirabe, koma ndi nkhope yomanga. Azimayi akandithokoza ndinkayankha ndi mutu wokha. Ndinakhala choncho zaka zambiri, ndipo sindinyadira.

Ngokwe, chaka chakhumi ndi chinayi

Atandisamutsira ku Ngokwe ndinaona ngati chilango. Kunali kutali ndi tala, mvula ikagwa msewu unkasanduka phala, ndipo Chiyao changa chinali cha moni wokha. Chabwino chinali chakuti anandipatsa njinga yamoto, ngakhale mafuta ake ankabwera mwa apo ndi apo. Inu munatsala ndi mayi anu ku Balaka chifukwa cha sukulu.

M'chilimwe cha chaka changa chachiwiri kumeneko kunafika galimoto yaikulu yokumba mijigo. Inali ya bungwe lina lothandiza, ndipo inayenera kukumba m'midzi ingapo ya Machinga ndi Balaka. Woyang'anira ntchitoyo anali injiniya wochokera ku Sudan, dzina lake a Idrisi. Anali wochepa thupi, wakuda kuposa ine, wolankhula motsitsa. Ine anandipatsa udindo womuperekeza, poti ndinkadziwa midzi ndi nthaka yake. Tinkalankhulana m'Chizungu, koma iye anali ndi khutu lakuthwa, ndipo pasanapite nthawi ankatha kupereka moni m'Chichewa ndi m'Chiyao. Lachisanu ankapita kumzikiti ndi anthu a pa Ngokwe, ndipo anamulandira ngati wawo.

Ndivomere kuti ndinkamuchitira nsanje. Anali ndi galimoto, nsapato zolimba, ndi digiri ya kunja. Anali ataona mizinda imene ine ndinkangoiona pa kalendala. Mumtima ndinkati uyu ndi mmodzi wa amwayi aja, wabwera kudzationa mmene tikuvutikira, akatha abwerere kwawo kukapuma.

Tsiku lina masana tinapita ku nyanja ya Chiuta kukayeza malo. Dzuwa linali loswa mtengo, matemba ali pathandala, ng'ombe zili m'mabango, azimayi akuchapa. A Idrisi anaimitsa galimoto, anavula nsapato, n'kulowa m'madzi mpaka m'maondo, buluku ndi lonse. Anaima choncho nthawi yaitali. Atatuluka anandifunsa kuti, "Bambo Chikopa, nyanja imeneyi ndi ya ndani?"

Ndinati, "Ndi ya aliyense. Mbali ina ndi ya anzathu a ku Mozambiki."

"Ndiye amene amailondera ndani?"

"Kuilondera chifukwa chiyani? Alipo a zausodzi amene amaletsa maukonde ena, basi."

"Ndikutanthauza ndi mfuti. Palibe amene amaima apa ndi mfuti n'kunena kuti awa amwe, awa asamwe?"

Ndinati iyayi, ndipo ndinaseka pang'ono, chifukwa funsolo linandimvekera lachibwana. Iye anangogwedeza mutu n'kuyamba kuvala nsapato.

Patapita masiku angapo, tikudya chinangwa pamthunzi wa galimoto uku makina akulira, ndinayamba nyimbo yanga ija. Ndinamuuza za mayi wa ku Ulaya ndi chimbudzi chake, za malabala, za dziko limene silipita patsogolo. Ndinamaliza ndi kunena kuti, "Inu muli ndi mwayi, a Idrisi. Ntchito ikatha mubwerera kwanu."

Anasenda chinangwa ndi chala. Kenako anati, "Chitsime choyamba chimene ndinakumba nditamaliza sukulu chinali cha kumudzi kwathu. Amayi anga anapha mbuzi tsiku limenelo. Chaka chatha kunabwera anthu okwera pa akavalo, ali ndi mfuti. Anatentha nyumba. Asanachoke anapha abulu athu n'kuwaponya m'chitsimemo, kuti ngakhale otsala asadzabwererenso. Ndinamva kwa msuweni wanga amene anathawira kumzinda. Iye anati amayi anga, mkazi wanga ndi ana anga atatu anawaona komaliza akulowera chakumalire, wapansi, ali ndi chigubu chimodzi. Kuchokera kumudzi kwathu kukafika kumalire ndi masiku ambiri, ndipo ndikudziwa bwino kuti m'njiramo mulibe madzi, chifukwa ndinayezamo ndekha." Anaika chinangwa chija pansi. "Mukamandiona ndikupita ku Liwonde Loweruka lililonse, ndimakaimba foni ku misasa ya othawa nkhondo, kufunsa mayina. Miyezi isanu ndi inayi tsopano. Ntchito ino ikatha, sindikudziwa kumene ndipite, Bambo Chikopa. Kwathu kulibe."

Ndinati pepani, ndipo mawuwo anamveka opepuka ngati mankhusu. Iye anati, "Zimene mukudandaula n'zoona. Kalabala kaja sikayenera kusowa. Sindikukutsutsani. Ine ndimangoti ndikakuonani Loweruka mukukwera njinga kupita kwa ana anu, mukudziwa nyumba imene ali, ndimakusirirani."

Ngokwe ndi Phalula, chilimwe chomwecho

Ntchito itatsala pang'ono kutha, kunapezeka kuti mapaipi ndi mafuta zingokwanira mjigo umodzi wokha, pamene pamndandanda panatsala midzi iwiri. Umodzi unali wa asodzi, kutsidya kwa dambo, m'mphepete mwa Chiuta. Winawo unali mudzi wathu ku Phalula. Sindinauzembetse pamndandandapo ayi, unalowa moyenera, chifukwa kwathu n'kouma ndipo aliyense amadziwa. Ndipo ine ndinali nditawauza kale amayi kuti chaka chino madzi afika. Iwo anali atauza mudzi wonse. Anthu anali atawunjika kale miyala ndi mchenga pansi pa mtengo wa mlambe, pafupi ndi nyumba yathu.

A Kumwenda, amene pa nthawiyo anali atakwezedwa, anandiitana ku ofesi. Anati, "A Chikopa, midzi yonse iwiri ndi yoyenera. Inu mwagwira ntchito zaka zambiri osapemphapo kanthu. Sankhani nokha. Mukasankha kwanu, palibe adzakulozeni chala, ndipo ine ndisaina." Ndinapita kwa a Idrisi kuti mwina andichotsere katunduyo, koma anakana. Anati, "Ine ndikanakhala ndi mudzi, ndikanakumba kwathu. Mukatero sindikuonani olakwa. Koma kusankhako musandipatse ine."

Ndinaganiza zokauonanso mudzi wa asodzi uja, ndipo kunena zoona ndinkafuna kukapeza chifukwa chousiyira. Ndinapeza mayi wina, Abiti Saidi, akusefa madzi a m'nyanja pa chitenje. Madziwo anali obiriwira, ochokera pomwe pamamwa ng'ombe. Anandiuza kuti m'dzinja lapitalo kolera inatenga ana ake awiri m'sabata imodzi, ndipo wachiwiriyo anafera m'bwato akupita naye kuchipatala, chifukwa dambo linali litadzaza. Sanandipemphe kanthu. Sankadziwa n'komwe kuti kusankha kuli m'manja mwanga. Anangondifunsa ngati ndingamwe madzi, kenako anachita manyazi n'kunena kuti, "Koma alendo sitiwapatsa amenewa."

Pobwerera ndinaimitsa njinga panjira n'kukhala pansi pa mtengo. Kwathu kunali kovuta, inde. Amayi anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, miyendo yotupa. Komabe kusukulu ya ku Phalula kunali mjigo, wakutali, wamchere pang'ono, koma madzi ake sanaphepo munthu. Mlongo wanga, azakhali anu aja, analipo woti n'kuwatungira. Kwa zaka zonsezo ndinkangoyang'ana amene ali pamwamba panga, ndipo khosi linali litauma moti sindinkathanso kuyang'ana kumbali. Tsiku limenelo ndinaona kuti amayi anga ali ndi nyumba, ali ndi munda, ali ndi manda a amuna awo pafupi, ndipo mwana wawo akudziwa pomwe agona. Ndinalemba dzina la mudzi wa asodzi. Madzi tinawapeza pa tsiku lachitatu, ozizira, opanda mchere.

Ndinapita ndekha kukawauza amayi. Ndinawapeza akusola nandolo pakhonde. Anandimvetsera mpaka kumapeto osakweza mutu, kenako anati, "Ndiye miyala ija tiidye?" Ndinayesa kufotokoza za kolera ndi za ana a Abiti Saidi. Iwo anati, "Ndinakuberekani ine, kukusenzerani madzi ine, kukuphunzitsani ndi thonje la m'munda mwanga. Lero mwakula, mwaona kuti amayi a eni ndiye ali ndi ludzu." Analowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo ndikapita ankandipatsa moni wa mlendo, chakudya n'kutumiza ndi mlongo wanga. Kutchalitchi anthu ankawaseka kuti mwana wawo amakumbira anthu ena. Zimenezo zinawapweteka kuposa mtunda wa kumjigo. Musawaweruze agogo anu. Anali ndi chifukwa, ndipo lonjezo ndinaswa ndine.

Phalula, mvula itayandikira

Ntchito ya a Idrisi itatha, anaganiza zopita yekha ku misasa ya kumalire a dziko lawo, kukayenda tenti ndi tenti. Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke anandipempha kuti ndimutengere kwa amayi. Ndinamuuza kuti sakamulandira bwino. Iye anati, "Palibe kanthu. Ndikufuna ndikaone mayi wa munthu."

Tinafika m'mawa. Amayi anayala mphasa chifukwa mlendo ndi mlendo, koma nkhope inali yomanga. Anandifunsa kuti, "Ndi amenewa anakulandani nzeru?" Ndinati iyayi, kusankha kunali kwanga. A Idrisi anafuna kudziwa zimene anena, ndipo nditamasulira anamwetulira pang'ono. Kenako amayi, mwa mwambo, anafunsa kuti kwawo n'kuti ndipo makolo ali bwanji. Ndinazengereza, koma a Idrisi anati ndiwauze zonse. Ndinawauza za akavalo, za abulu m'chitsime, za chigubu chimodzi chija.

Amayi anasiya nandolo amene anali m'manja mwawo. Anafunsa kuti, "Mayi akewo ndi a msinkhu wanji?" A Idrisi anayang'ana amayi n'kunena kuti ngati iwowo. Amayi anafunsanso ngati mayiwo anali ndi nsapato. Iye anati sakudziwa. Kenako amayi anayamba kulankhula, osayang'ana aliyense. Anati amayi awo, agogo anga, anachoka ku Mozambiki wapansi pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ali ndi mwana kumsana ndi mphika umodzi pamutu, ndipo mwanayo anamukwirira panjira, pamalo amene sanathe kudzawalozanso. Nkhani imeneyi ine ndinali ndisanaimvepo. Atamaliza anadzuka movutikira, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu ya madzi a kusukulu aja. Anagwada, ndi miyendo yotupayo, n'kupereka kwa a Idrisi. Anamuitana ndi mawu a Chilomwe amene ankandiitanira ine ndili wamng'ono, anati, "Imwani, mwanaka. Ndi amchere, koma ndi amene tili nawo." Iye anamwa onse, ndipo misozi inkatsikira m'kapu momwemo.

Potsanzikana amayi anamumangira mtedza pakansalu kuti akapatse ana akakawapeza. Ine anandiperekeza mpaka pa mlambe paja, pomwe miyala inali ikadali mulu, udzu utayamba kumera pakati pake. Anati, "Munthu uyu mukanabwera naye kale." Ndinati ndinalakwa. Anati, "Koma mjigo wanga ndikuufunabe." Ndinati ndamva, amayi. Anandigwira pamkono, koyamba pa miyezi inayi.

Kwa Nsamala, nditapuma ntchito

Mjigo wa kwathu unadzakumbidwa patapita zaka zitatu, ndi gulu lina, ine ndisakudziwa n'komwe. Agogo anu anamwa madzi ake chaka chimodzi chokha asanatisiye. Zaka zitatu zimenezo ndimaziganizabe, ndipo sindinganame kuti mtima unakhazikika kotheratu. Mjigo wa asodzi uja ndinkausolola ndekha mpaka tsiku limene ndinachoka ku Ngokwe, ndipo ukugwirabe.

Kudandaula sindinasiyiretu. Mpaka tsiku lopuma ntchito ndinkalembabe makalata opempha malabala monga ankachitira a Kumwenda, ndipo ndikukhulupirirabe kuti si chilungamo kuti ena azithira madzi akumwa m'chimbudzi pamene ena akusefa matope pa chitenje. Kuthokoza sikutanthauza kuti zimenezo zili bwino. Chimene chinasintha n'chakuti ndinasiya kunena kuti tinabadwira kolakwika. Azimayi akandithokoza pamjigo ndinayamba kukhala nawo pansi n'kudya mbatata yawo bwinobwino. Loweruka ndikafika ku Balaka n'kukupezani nonse anayi pakhomo, ndinkakuwerengani ndi maso, ndipo inu munkadabwa kuti bambo akutiyang'ana chiyani.

A Idrisi anandilembera kamodzi kokha. Kalatayo inafika ku ofesi patatha chaka ndi miyezi, envelopu yake itada ndi manja a anthu ambiri. Ili m'sutikesi yanga yabulauni, pansi pa masatifiketi, ndipo ndikadzapita musadzaitaye. Ndi yaifupi. Anati anapeza mkazi wake ndi ana awiri mumsasa wina kutsidya kwa malire. Mwana wamng'ono ndi amayi ake a Idrisiyo anafera panjira. Anati tsopano akukumba zitsime mumsasa momwemo, ndipo mtedza uja ana anadya theka, theka linalo mkazi wake anadzala kuseri kwa tenti. Pomaliza anandipempha kuti ndiwauze amayi anga kuti unamera.

Ndinakwera njinga tsiku lomwelo kupita ku Phalula kukawauza.